Sabata Yosakasaka Zikomo

Lolemba

Linali Lolemba ngati lero, mwezi wathawu. Ndikusenda chinangwa pakhonde, foni kulira: "Mayi, bambo agwa pamsika wa Thuchila, bwerani." Pomwe ndimafika n'kuti amuna angawo atawafunditsa kale chitenje cha mayi wogulitsa tomato. Mpeni ndinafika nawo uli m'manja.

Chiyambire tsiku limenelo dzina langa ndi anamfedwa, ndipo mawu amene ndikumva ndi amodzi. Pachitsime, pepani. Kuchigayo, pepani. Ana amene ndinkawaphunzitsa, lero ali ndi ndevu, pepani aphunzitsi. Ndatopa naye pepani!

Ndinawerengapo m'buku lina kuti ndalama imasangalatsa mwini wake akagulira ena zinthu. Mabuku sanandinamizepo kwenikweni. Chipepeso cha pamaliro chatsalako. Ndiye pulani nayi: tsiku lililonse kugulira munthu kanthu, mpaka wina anene zikomo, zikomo basi, ngati kwa munthu wamba. Ndione ngati mtima ungapepuke.

Lachiwiri

Shuga ndi sopo kwa amake Dalitso, oyandikana nawo nyumba. Alandira ndi manja awiri. Ayang'ana shuga, ayang'ana duku langa lakuda. "Inu anamfedwa kutigulira ife? Ndiye kuti ife si anthu! Pepani, pepani!" Tilira tonse awiri, shuga ali pakati.

Madzulo atumiza nkhuku. Yamoyo!

Lachitatu

Chiperoni. Phiri silikuoneka n'komwe. Ku Likhubula anyamata onyamulira katundu alendo okwera phiri angodzipinda m'majekete, alendo kulibe. Ndiwagulira tiyi ndi masikono. Avula zipewa. Wina ayambitsa nyimbo ya maliro, anzake n'kuvomera, ndime zonse, tiyi akuzizira m'makapu.

Andiperekeza mpaka kunyumba atasenza:
nkhuni,
nanazi,
mkoko wa nthochi zosapsa.
Zikomo: palibe.

Nkhuku ija yalowa m'nyumba, yakwera pashelefu ya mabuku, yasiya maganizo ake pa dikishonale.

Lachinayi

Vuto ndi dukuli. Ndalivula, ndavala lamaluwa. Ndikwera minibasi yopita kumene sandidziwa. Pafupi nane agogo ena akulimbana ndi mfundo ya chitenje, ndalama yakana kutuluka. Ndiwalipirira. Atembenuka, nkhope yawala, pakamwa patseguka, mawu aja ali m'njira ndithu.

Kondakitala: "Aphunzitsi! Si inu kodi? Pepanitu, tinamva."

Andibwezera ndalama zonse, yanga ndi ya agogo. Chipewa chake chiyamba kuyenda mpando ndi mpando. Agogo aja mfundo yamasuka tsopano, naonso aponyamo yawo. "Pepa mwana wanga."

Nditsika ndili wolemera kuposa mmene ndinakwerera. Amene analemba buku lija sanapondepo ku Mulanje!

Lachisanu

Alamu anga, mchemwali wa malemu, atulukira m'mamawa osaodira. Amva zonse: duku lamaluwa, masikono, shuga. "Mlamu, dothi la pamanda silinaume, inu muli kalikiliki kudyetsa anyamata? Kapena mukutsanzika? Munthu akayamba kugawa zinthu ndiye kuti waona njira."

Ndiwafotokozera za buku. Ayang'ana shelefu ngati ndiyo inapha mchimwene wawo.

Chigamulo: azigona kuno mpaka mutu wanga ukhazikike. Abwera ndi chikwama, mphasa, ndi nkhuku ina yondipepesera. Tambala.

Ndiwagulira mayunitsi kuti azilankhula ndi ana awo, mwina apa pokha ndimva zikomo. Ayang'ana foni, apukusa mutu. "Ndi zomwe ndikunenazi!" Mayunitsiwo atha ndi kuuza abale onse kuti matenda akula.

Loweruka

Tambala wayamba ntchito kusanache, pansi pa zenera langa. Ndithawira ku Chitakale, ati kukagula mchere. Pulani ndaisiya. Lero sindigulira munthu.

Pa kaunjika pali masokosi aubweya, otuwa, ofika m'mawondo. Dzanja latola lokha. Bambo mapazi awo amazizira nyengo ya chiperoni, akakugunda nawo ngati miyala ya mumtsinje. Ndinenerera mtengo monga mwa masiku onse, wogulitsa mpaka kudandaula: "Mayi, inu mwabwera kudzanditsekera bizinesi?" Sakundidziwa! Tikangana bwinobwino. Atsitsa, andiponyera m'kajumbo mokwiya.

Ndikupita pasiteji ndikumwetulira ndekha ngati wamisala. Ndikuwamva kale bambo kunyumba: "Mwagula zingati? Akuberani." Zikomo sankamudziwa bambo amene aja. Ankangovala, n'kutambasula miyendo pakhonde kuti odutsa aone.

Zoti bambo kulibenso ndakumbukira nditakhala kale mu minibasi.

Buku silinaname. Chimwemwe chinabweradi, kuchokera pa kaunjika kufika pasiteji.

Lamulungu

Ndavala duku lakuda. Ndagonja. Kutchalitchi alengeza kuti amayi azibwera mosinthana kudzandichezera, poti "mayi athu sakupeza bwino". Mpingo wonse utembenuka. Potuluka, mzere wa manja. Pepani, pepani, pepani. Ine: zikomo, zikomo, zikomo. Kani zikomo ndimamusakayu wakhala akutuluka m'kamwa mwanga sabata yonse!

Masana alamu akusesa kuchipinda apeza masokosi pansi pa pilo. Ndikhala pansi kudikira mlandu. Awatembenuza, alowetsa dzanja m'kati.

"Mapazi aja," atero. "Kuyambira ali mwana. Amayi ankachita kuwakulunga m'chiguduli."

Apukuta m'maso ndi chitenje. Kenako: "Mwagula zingati?"

Ndiwauza.

"Akuberani."

Ndaseka mpaka chifuwa kuwawa, iwo akundiyang'ana mwamantha, dzanja likusaka foni.

Mtima sunapepuke. M'nyumba muno mwatsala ine, alamu, ndi masokosi atsopano opanda wowavala.