Pempho Loti Ndileke Kukhala Agogo a Mdzukulu Wanga

Kwa Bwana Mkulu wa Dipuloma ya Mayiko Onse,
Ofesi yam'mwamba, kuseri kwa chitseko chagalasi chimene ndinachigunda ndi chipumi.

Bwana wolemekezeka,

Ndagwira mwendo, pepani kuti munthu wamba ngati ine, dalaivala wa basi wopuma pantchito, ndikudyereni nthawi. Ndinabwera ndekha kuofesi kwanu, koma mayi wa pakhomo uja anandiuza mwaulemu kuti masiku anu adzaza mpaka temu yamawa. Sindinakwiye ayi. Inenso basi ikadzaza ndinkangodutsa pasiteji osaima. Zilembo zikuluzikuluzi musazitenge ngati mwano, ndi ng'ala imene yandigwira m'maso.

Ndine agogo ake aamuna a mtsikana wina wa m'kalasi lanu lomaliza, wamtali, wamagalasi, amene amayenda chowerama chifukwa cha chikwama. Kwathu timamutcha Kawayilesi, poti chibadwire pakamwa pake sipankatsekeka. Maso anga atayamba kuchita chifunga, ndiye ankandiwerengera nyuzipepala madzulo alionse, kuyambira tsamba loyamba mpaka zampira, akusintha mawu ngati muulutsi weniweni. Timu yanga ikagonja ankandinamiza kuti yafanana mphamvu. Wayilesi imeneyo inu munaithimitsa, ndiye ndati ndithokoze mwadongosolo.

Choyamba, zikomo chifukwa cha tebulo. Tinali nalo limodzi lokha, lodyerapo. Maphunziro anu asanu ndi limodzi analigawana lonse, lililonse ndi mulu wake wa mabuku, ndipo masamu ndiwo anatenga mbali imene ndinkakhala ine. Pano ine ndi mayi ake timadyera pamiyendo, mwakachetechete, supuni osaigunditsa mbale. Mayi akewo, mwana wanga, ndi namwino, ndipo akuti masiku ano kocheza ndi kuwodi.

Chachiwiri, ndikuthokoza m'malo mwa bondo langa lakumanzere. Muli ndi phunziro lina lofunsa munthu kuti akudziwa bwanji kuti akudziwa. Tsiku lina ndinangoti tianule zovala, bondo likuwawa, kubwera mvula. Mwanayo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kundifunsa umboni. Tsoka ilo, mvula sinagwe. Bondo lija analilemba m'chimangirizo chake monga chitsanzo cha nzeru zosadalirika, ndipo ndamva kuti chimangirizocho chinatumizidwa kutsidya kwa nyanja kukachongedwa. Tangoganizani, Bwana! Ine sindinakwerepo ndege, koma bondo langa lafika kunja. Anzanga pamsewu wathu akundipatsa ulemu wina.

Chachitatu, mwamutsegula maso kuti aone dziko lonse, ndipo akulionadi. Akudziwa mitsinje imene ikuphwa kumayiko amene dzina lake lilime langa limakana. Amapatsa moni mphaka wathu m'chilankhulo chachitatu. Anandifotokozeranso kuti madzi oundana a kumalekezero a dziko akusungunuka chifukwa cha utsi wa magalimoto. Ine zaka zonse zija ndinkayesa ndikunyamula anthu kupita nawo kuntchito, osadziwa kuti ndikumiza zimbalangondo zokhala pa madzi oundanawo. Ndapepesa kale kwa iye, mukapepeseko kwa zimbalangondozo. Chokhacho n'chakuti maso oona kutali chonchi amavutika kuona munthu amene wakhala pampando wa pakona, pafupi ndi zenera.

Chachinayi, ndipo apa ndiye pagona nkhani, ndi lamulo lanu lokoma lija loti wophunzira aliyense azitumikira anthu ovutika, apo ayi dipuloma palibe. Nditamva ndinaomba m'manja. Ndinati basi, mwayi wanga ndi umenewu, wovutika ali m'nyumba momwemo, sipafunikanso thiransipoti. Ndinasita malaya, nyuzipepala n'kuika pamwendo. Mwanayo anandiuza, misozi ili m'maso, kuti aphunzitsi akuti wachibale sawerengedwa. Kuwerengera agogo ako si utumiki, ndi ntchito yapakhomo ngati kutsuka mapoto.

Ndiye kumene munamutumiza mukukudziwa? Kunyumba ya okalamba, tsidya lina la msewu wathu womwewu, moyang'anana ndi zenera langa. Loweruka lililonse masana ndimaona chithunzithunzi cha yunifolomu chikuwoloka msewu, nyuzipepala ili m'khwapa. Ndipo mwa nkhalamba zonse za m'nyumba imeneyo, munamupatsa Chipewa.

Chipewayu, Bwana, anali kondakitala wanga. Munthu amene ankagona basi ikuyenda, amene ankaimba belu ine nditadutsa kale siteji, amene mpaka lero amabera pa masewera a dirafuti akaona kuti sindikuona bwino. Ameneyo ndiye akumva nkhani za dziko m'mawu a mdzukulu wanga. Lolemba amabwera kwathu kudzasewera, n'kumandisimbira kuti mwana ameneyu ali ndi mawu ngati uchi, kuti makolo ake anamulera bwino, kuti kaya agogo ake ndani. Akudziwa bwinobwino, chimunthu chimenechi! Anafika pondiuza kuti timu yake itagonja, mwanayo anamunamiza kuti yafanana mphamvu. Pamenepo ndiye ndinagubuduza bolodi, ndipo sindikupepesa. Bodza limenelo linali langa.

Musaganize kuti ndinangokhala manja lende. Ndinatenga ndodo, n'kuwoloka msewu, kukapempha malo m'nyumba ya okalambayo, ngakhale a Loweruka lokha. Amayi oyang'anira anandikhazika pansi, n'kundiuza kuti nyumbayo ndi ya anthu opanda owasamala, ndipo ine ndili ndi mwana namwino komanso mdzukulu wodziwika dera lonse pa nkhani yosamala nkhalamba. Ndiye onani pamene ndaima. Kwa inu ndine wachibale kwambiri, kwa iwo ndine wosamalidwa kwambiri. Ndili pakati pa msewu ngati basi yofera pamphambano.

Mwanayo sindikumudandaula, ndipo musamuitanire kuofesi. Amayesetsa. Nthawi zina amabwera kudzakhala pamkono wa mpando wanga, n'kutsegula nyuzipepala, koma asanamalize mutu wa nkhani foni imalira kumukumbutsa za ntchito ina yofunika mawa. Amandipsompsona pa dazi n'kunena kuti mayeso akatha. Ndipo ndimanyada naye, Bwana, zimenezo sindibisa. Yunivesite ina yakutali yamulembera kale kuti akakhoza apite. Ndikufuna apite. Koma mayeso akatha ndiye kuti sutikesi yapakiridwa. Adokotala nawo andiika pamndandanda wochotsa ng'ala, ndipo mndandandawo ukuyenda ngati mzere wa pasiteji tsiku lamvula. Nkhope yake pano ndimaiona akayandikira kwenikweni. Ndili ndi mantha kuti adzanyamuka ndisanamuyang'anitsitse.

Akuluakulu amati chibale ndi fupa, sichiola. Ine ndikupempha kuti inu, ndi mphamvu zanu zodziwika kumayiko onse, muchioletseko pang'ono, kwa miyezi yotsalayi basi. Lembani kakalata, mudindepo chidindo chanu chagolide chija, konena kuti nkhalamba ya m'nyumba ya chitseko chobiriwira, yomwe ndi ineyo, si mbale wa wophunzira wanu aliyense, ndi mlendo wovutika wongopezeka m'deralo. Mayi ake a mwanayo avomera kuchitira umboni kuti sakundidziwa, akuti sikuwavuta.

Ine ndikulonjeza kusunga mwambo. Sindidzamutchula Kawayilesi, ndizidzati Madamu. Sindidzamukumbutsa kuti ndine ndinamuphunzitsa kuwerenga pa zikwangwani za mabasi. Akadzandifunsa mbiri ya moyo wanga kuti akalembe zimene waphunzira, ndidzamusimbira ngati sanaimvepo. Za bondo sindidzatchulanso. Chipewa mukhoza kumupatsa mwana wina, makamaka wachibwibwi.

Ndamvanso kuti pa utumiki uliwonse pamajambulidwa chithunzi cha umboni, wophunzira ali pambali pa wovutika wake, onse akumwetulira. Cha Chipewa ndinachigwirapo, anachipachika pamwamba pa bedi lake. Changa chikadzajambulidwa, chimodzi musunge m'faelo yanu kuti mayiko aone mmene mumaphunzitsira ana chifundo. Chinacho, ngati sikukuvutitsani, munditumizire. Muchikulitse ndithu, Bwana, nkhope yake idzaze pepala lonse.

Ine wanu wogwira mwendo,

Nkhalamba yachilendo ya pampando wa pakona,
yemwe kale anali agogo ake a Kawayilesi.