Mlamba Wasimenti Wandiyalutsa

Kwa Wapampando Wolemekezeka,
Komiti Yokonza Zinthu Zakale za pa Msewu 66,
Oklahoma.

Bwana,

Ndine Orville Pruitt, nkhalamba ija inakusowetsani mtendere ndi makalata kwa zaka zitatu kuti mukonze mlamba wathu wasimenti wa m'mbali mwa msewu. Munandimvera, ndipo ndabwera kudzagwada.

Choyamba, zikomo poubwezera ndevu ndi diso lakumanzere. Wakongola ndithu, ndipo alendo a pa njinga zamoto ayambanso kuima.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha khama la amisiri anu. Ine ndinkayesa adzangopaka utoto pamwamba ngati anthu ena onse aulesi. Iwo anapala wonse mpaka kufika pasimenti yeniyeni, pamene anyamata a nthawi yathu tinkalemba ndi msomali dzina la mtsikana amene tinkamufuna ukwati.

Chachitatu, zikomo pondipatsa mpando wakutsogolo tsiku lotsegulira. Ndinavala taye, ndinagwira dzanja la Maxine, mkazi wanga amene ndakhala naye pabanja zaka makumi asanu ndi zinayi, n'kulowa naye m'kamwa mwa mlambawo monyadira, zidzukulu zili pambuyo. Pansi pa dzino lalikulu tinapeza mwaikapo galasi ndi nyale, kuti aliyense awerenge bwino: "Orville ndi Darlene, 1968."

Darlene, bwana, ndi mng'ono wake wa Maxine.

Ndiye amene ndinayamba kumufunsira, koma anandikana. Nditatembenukira kwa mkulu wake, ndinalumbira kuti pakhomo pawo ndinkabwerera iye yekha chiyambire. Ukwati utayandikira ndinakapaka pamalopo utoto katatu. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, koma ine mvula yake yandipeza mano atatha.

Maxine sanakalipe. Anangoti, "Bambo a Curtis, tawerengani mokweza, maso angawa atha." Ndinawerenga. Darlene, amene tsopano amayendera ndodo, anaseka mpaka kukhala pansi, amvekere, "Alamu, kani zinali zoona?"

Papita masabata atatu. Chakudya ndimapatsidwa, zovala zimachapidwa, koma mawu ake onse Maxine amauza galu wathu. Zikundipweteka, bwana, ndipo ndili ndi manyazi, chifukwa bodza lija linasanduka choona kalekale. Mayi ameneyu ndimamukonda, koma umboni wanga ulibe galasi kapena nyale.

Nditapita ndi kachitini ka utoto, mlonda wanu anandibweza mwaulemu, ati mbiri sifufutidwa. Munamuphunzitsa bwino.

Choncho pempho langa n'laling'ono. Sindikuti mufufute kanthu. Mungondichotsera galasilo masana amodzi, ndibwere ndi msomali wanga ndilembe dzina la Maxine, zilembo zikuluzikulu, iye akuona. Alendo akafunsa, muziwauza kuti nalonso ndi la 1968. Musaope, simudzakhala woyamba kunama pa nsomba imeneyi.

Ine wanu wodzichepetsa, wodziputira yekha,
Orville Pruitt