Phazi Lotupa ndi Ndege za Kutsidya

Lolemba
Phazi latupa ngati dzungu. Munga wa nkholokolo, nsomba yomwe ndinaiponda kudooko. Amai Zulu, aneba anga, akuti amalume awo anayamba chonchi, mapeto ake anawadula mwendo. Lachisanu lole ya boma ipita ku Lusaka, malo a odwala ndi amodzi. Akhale anga! Zofunika: ndodo, nkhope yachisoni, kubuula pafupi ndi kiliniki.

Lachiwiri
Ndikubuula bwino ndithu. A Tembo a pakiliniki abaya jekeseni, akuti, "Tizaona, ba Ticha." Ululu suli wonamizira, ngakhale nsalu ikakhudza ndimalumpha.

Lachitatu
Ndege zankhondo za kutsidya kwa Zambezi, zoponya mabomba! Ndili m'kalasi, kenaka ndili m'dzenje lobisalamo. Zapakati sindikuzidziwa. Ndapitirira ana onse a Giredi 6, ndalumpha mpanda, ndodo yatsala pabolodi. Ululu? Ngakhale pang'ono. M'dzenjemo wondilandira ndani? A Tembo.

Lachinayi
Ndapita kukadziteteza kuti sindine wabodza. A Tembo aseka mpaka misozi. Andigwira pankhongo: "Apa, patsinde pa bongo, pali mlonda. Uthenga wa ululu ukamakwera mumsana, iye atumiza mankhwala yake pansi. Mukayopa, avala geti, ululu siupita. Mukankhala chabe kuganizira phazi yotupa, atsegula, awonjezerako na volyumu." Ndiye kuti wondiulula ndi mutu wanga womwe. Kalikonse mlondayu sanandifunse.

Lachisanu
Lole yapita. Malo atenga mayi wapakati wa ku Mphuka, mwana wakhala mopingasa. Ndikanalankhula chiyani? Ndamunyamulira kathumba, ndikutsimphina, pamene palibenso wondiona. Ana a sukulu ayamba kunditchula Jeti, ati liwiro langa ndi la ndege zija.

Loweruka
A Tembo acheka pachotupa. Mafinya, ndi kamunga kochepa ngati njere ya mapira. Kameneka! Ndakuwa mpaka asodzi a ku Zumbo, kutsidya kwa mtsinje, amva. Mlonda uja lero anali patchuthi. "Mwendo siudulidwa, ba Ticha, lekani kumvera Amai Zulu." Ndafunsa kawiri, ayankha kawiri. Kunja ndakhala pansi pa mtengo, ndalira pang'ono, kulira kwa chimwemwe.

Lamulungu
Ku Lusaka sindipita. Ndikhala kuno ku Feira ndi miyendo yanga iwiri ndi dzina la Jeti. Kutchalitchi ndapita ndi patapata mmodzi. Masana ano ndakhala pakhonde, bala likugunda ngati ng'oma, ndipo ndikulimvetsera mokondwa. Liwawe ndithu. Likamawawa chonchi ndiye kuti kumwamba kuli zii, ndege kulibe.