Makoko a Mtedza pa Malaya Anga Oyera

Lamulungu, pa 15 Juni, masana. Ndangomaliza kuchapa malaya anga oyera a sukulu, ndipo ndakhala pakhonde kuwadikira kuti aume. Kabuku kanga, ndili ndi nkhani ziwiri, yosangalatsa ndi yochititsa manyazi. Vuto ndi loti ziwirizi ndi nkhani imodzi.

Ukudziwa kale kuti aphunzitsi athu a Chingerezi, Mayi Celestina, anandisankha pamodzi ndi mnzanga Amina kukaimira sukulu yathu ya kuno ku Mandimba pa mpikisano wolankhula Chingerezi ku Cuamba. Ukudziwanso za chaka chatha, pamene ndinaima kutsogolo kwa anthu, n'kutsegula pakamwa, n'kutsekanso, basi. Ndiye Lachisanu abambo anandiuza mosabisa kuti, "Ukakaimanso duu ngati mtengo wa magetsi, za Cuamba uiwale. Sitingamakutumize kukaonetsa anthu mano."

Aliyense anapatsidwa gulu la mawu loti akafotokoze kusiyana kwake. Ine anandipatsa mawu onena za munthu amene akukusowetsa mtendere. Ndinawaloweza kwa milungu itatu mpaka nkhuku zathu zinatsala pang'ono kuwadziwa.

Apa ndiyenera kuulula kachizolowezi kathu koipa. Kuno munthu sungabise mawu. Ukanena m'Chinyanja amva, m'Chiyao amva, m'Chimakuwa wina amva, m'Chipwitikizi ndiye onse. Choncho ine ndi Amina tikafuna kunena munthu ali pompo, timanena m'Chingerezi, nkhope zili phee ngati tikubwereza za kusukulu.

Dzulo m'mamawa tinakwera shapa, minibasi ya kuno. Aphunzitsi anakhala kutsogolo ndi adalaivala, ife kumbuyo, Amina kuzenera. Titatsala pang'ono kunyamuka, panalowa agogo ena aamuna, ovala jekete lakale lonunkha fodya wa m'chigafa, atanyamula chikwama chachikopa chong'aluka pakona. Aphunzitsi anatembenuka n'kuwapatsa moni ndi manja awiri, akuwerama. (Ndinaona zimenezi ndi maso angawa. Ndinangoti aphunzitsi athu ndi aulemu.)

Agogowo anakhala pambali panga. "Mdzukulu, tandigwirireko aka," anatero, chikwama chili kale pamiyendo panga. Chinali cholemera ngati muli njerwa.

Ndinayang'ana kutsogolo n'kuuza Amina motsitsa mawu kuti, "This old man is bothering me." Liwu limeneli ndi lapansi penipeni, la munthu amene wangokusokoneza pang'ono. Amina anagwedeza mutu ngati mphunzitsi wokhutira.

Tisanapite patali, agogo anatulutsa mtedza wokazinga m'thumba la jekete. Tswa. Kutafuna. Fuu, kuuzira timakoko. Mphepo ya pazenera inkatenga timakoko tonse n'kutibweretsa pa malaya anga, amene amayi anasita ndi makala dzana lake. Anandipatsako, ndinakana mwaulemu, kenako ndinauza Amina kuti tsopano takwera, tafika pa "annoy", pamene mtima wayamba kutentha.

Tswa. Tswa. Tswa. Sankafulumira ayi. Ankadikira kaye mpaka ine nditaganiza kuti mtedza watha, ndiye tswa. Ndinati iyi ndi "irritate", chinthu chaching'ono chobwerezabwereza chimene chimayabwa ngati chitedze cholowa m'malaya.

Kenako mafunso anayamba.

"Ndiwe mwana wa yani, mdzukulu?"

"Wa ku Mandimba konko, agogo."

"Mandimba ndi munthu? Ndati bambo ako ndani?"

Ndinatchula dzina la abambo.

"Oho. Amene amakonza njinga pafupi ndi msika? Nanga mayi ako ndi a kuti? Ku Ngauma? Mudzi uti? Uli kalasi yanji? Ukupita kukatani ku Cuamba? Wadya?"

Pakati pa mayankho anga ndinalowetsamo kachiganizo ka Amina: "Now he is pestering me." Ndinamufotokozeranso, monyada ndithu, kuti liwu ili ndi la munthu wosaleka kufunsa kapena kupempha, ngati ntchentche imene waiingitsa kasanu.

Lomaliza anandipatsa okha. "Khala mowongoka, udzapindika msana usanakwatiwe. Usalume zikhadabo. Mwana wamkazi akamayankha amakweza mawu, osati kulankhulira m'khosi ngati njiwa. Ndati khala mowongoka." Ndinati uku ndiye "nag", kulongolola, kukuuza chinthu chimodzimodzi mpaka makutu atatopa. Amina analuma nsalu yake ya kapulana kuti asaseke. Agogo anatseka maso, mutu wawo n'kutsamira paphewa langa, ndipo ine ndinabwereza mawu onse asanu kuyambira pansi mpaka pamwamba, chitsanzo chilichonse chili iwowo. Sindinalankhulepo Chingerezi chokoma chotero chibadwire.

Titafika ku Cuamba anatenga chikwama chawo. "Zikomo, mdzukulu. Mulungu akudalitse." Anakwera njinga yamoto n'kupita. Ine ndinakutumula makoko n'kuwaiwala.

Mpikisano unali m'holo ya sukulu ina yaikulu, mutadzaza ana a ku Cuamba, a ku Lúrio, a ku Ngauma ndi ife. Kutsogolo kunali tebulo la oweruza atatu, koma mpando wapakati unali wopanda munthu. Tinadikira. Kenako chitseko chinatseguka, ndipo chimene ndinayamba kuona ndi chikwama chong'aluka pakona.

Amina anandigwira dzanja. "Iwe," anatero.

Agogo aja anakhala pampando wapakati, anatulutsa mabuku m'chikwama (njerwa zija), n'kulonjera anthu onse m'Chingerezi chosalala ngati cha pa wailesi. Ndinayang'ana chitseko, ndinayang'ana zenera. Ndinaganizanso zodwala, koma ndinali wachinayi pamndandanda ndipo matenda sabwera msanga chotero.

Dzina langa litaitanidwa, ndinapita kutsogolo. Ndinatsegula pakamwa. Munalibe kanthu. Mawu a milungu itatu anali atatsala mu shapa. Wina kumbuyo anatsokomola, wina anaseka, ndipo ine ndinkangomva mawu a abambo onena za mtengo wa magetsi. Aphunzitsi anali atazyolika.

Pamenepo agogo analowetsa dzanja m'thumba la jekete, pang'onopang'ono, akundiyang'ana. Anatulutsa mtedza umodzi.

Tswa.

Anatafuna. Anauzira timakoko patebulo la oweruza. Kenako anandifunsa m'Chingerezi, nkhope ili phee: "Is this bothering you, or irritating you?"

Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinamva pakamwa panga pakuyankha kuti kamodzi kokha n'kusokoneza chabe, koma akapitiriza kuchokera ku Mandimba mpaka ku Cuamba, chimenecho ndi chitedze. Holo yonse inaseka. Agogo anati, "Pitiriza. Ndipo ukweze mawu."

Ndinapitiriza, kabuku kanga. Ndinasiya zoloweza zija n'kungofotokoza ulendo wathu, chikwama, mtedza, mafunso, zonse, liwu lililonse pamalo pake. Sindinatchule kuti munthuyo anali ndani, koma nditafika pa mafunso, agogo anakweza dzanja okha ngati mwana wa sukulu wovomera mlandu, ndipo woweruza wina wamkazi anaseka mpaka anavula magalasi. Belu la nthawi litalira ndinali ndikulankhulabe. Ine amene. Anachita kundiuza kawiri kuti ndikakhale pansi.

Ndinapambana. Nambala wani, pa ana onse aja. Anandipatsa dikishonale yaikulu yachikuto chofiira, ndipo wondipatsa anali iwo omwe. Ndinagwada polandira, maso ali pansi.

"Agogo, pepani," ndinanong'ona.

"Pepani wa chiyani? Zinayi zija unalondola," anatero m'Chinyanja. "Koma lachisanu lija ndikukana. Ine sindinalongolole, ndimakulangiza. Taona, wakweza mawu ndipo wapambana. Komanso pena paja sindinagone ayi. Ndimafuna ndimve ngati ubwereze bwino."

Pobwerera, aphunzitsi anakhala nafe kumbuyo. Sanakalipe. Anangotiuza kuti agogowo anathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo ali mnyamata, anaphunzira komweko, n'kuphunzitsa Chingerezi zaka zambiri asanabwerere kudzalima fodya kwawo ku Ngauma. "Inu mumaona ngati Chingerezi chinafika kuno ndi inu," anatero. "Akuluakulu ambiri a m'malire muno anakhalako kutsidyako. Kodi iwe, azakhali ako aja sanakulire ku Mangochi?"

Ine ndi Amina tinayang'anana. Azakhali anga, amene takhala tikuwanena m'Chingerezi chaka chonse chino, iwo ali pompo akusankha nyemba. Zimenezo ndiziganizira tsiku lina, lero sindingathe.

Abambo anaitembenuza dikishonale ija kangapo, atasamba kaye m'manja kuchotsa girisi. Sananene zambiri. Anangoti, "Chaka chamawa udzapite ndi nsapato zatsopano." Kenako anapita nayo kukaonetsa anzawo kumsika, ndipo mpaka pano sinabwere.

Malaya auma. Kadontho kamodzi ka mafuta a mtedza kakana kuchoka paphewa, ndipo ndasiya kukapikicha. Mawa ndikaweruka kusukulu ndidzakazinga mtedza wa m'munda mwa amayi, ndidzauswa wonse ndekha, ndidzaupeta mpaka pasatsale kakhoko ngakhale kamodzi, ndipo ndidzapempha aphunzitsi kuti autumize ku Ngauma. Ndi kupepesa kwanga kumeneko. Komanso ndikuchitira chifundo mwana wina amene adzakhale nawo pafupi mu shapa.