Apongozi Anga ndi Mpira wa ku Amereka

Iwe wa jekete lofiirawe, ndakuona ukumugunda mnzako ndi chigongono, usayese maso anga anatsalira ku njanji. Wakutuma ndani kudzakhala pafupi chonchi? Khala, palibe kanthu, koma amene akuti Zuze Mbewe ndi wabodza aimirire pompano ndimuone nkhope, chifukwa zimene ndikunenazi Mutare yense anaziona, ndipo amene akukana lero ndi omwe anadyapo kanthu.

Zinali zaka zija mafamu atangolandidwa, abale athu a ku Imbeza atachotsedwa m'makomboni n'kudzatiunjikira ku Sakubva ndi mitolo pamutu, ife osapatsidwa ngakhale dothi lodzaza chikhatho chifukwa ati kwathu ndi ku Malawi. Chimene chinkatisunga tonse ndi kadambo kamodzi kuseri kwa njanji, mmene tinkalima chimanga ndi maungu. Titangokolola, kunatulukira Tawanda wa ku Fairbridge Park, wochokera ku Amereka ndi khosi ngati mtondo ndi mpira wosongoka uku ndi uku, ati dambolo likhale bwalo la timu yake, akutero akuseka mano onse pamtunda. Ine munthu woseka choncho sindimukhulupirira. Tinakangana mpaka tinapangana kuti mpira wake womwewo uweruze: akangoudutsitsa pa mzere wa laimu wa kumbali yathu kamodzi dzuwa lisanalowe, munda wapita.

Mpira umenewu, inu odziwa wamiyendo wokha, ndi wa akuba. Amayamba aunjikana mitu pamodzi kunong'onezana, kenako wina amanamizira kupatsira mnzake pamene waubisa m'khwapa, ndiye woteteza wabwino ndi munthu wokayikira, ndipo pa kukayikira palibe anandiposa kuyambira Sakubva mpaka Penhalonga. N'chifukwa chake mlendo sindinamufune m'timu mwanga. Ndinasankha akamwini anzanga okhaokha, tonse okwatira ana a mayi Nangondo, mayi amene anabereka atsikana ochuluka moti powabatiza abusa ankachita kulandizana.

Kutsogolo ndinaika zimphona zonyamula zitsulo za njanji, ntchito yawo kutseka mipata ndi kukankha basi, anthu oti akatsamira sitima imabwerera ku Beira chafutambuyo. Kumbuyo kwawo ndinaika a pakati, odula mitengo ya paini a ku Imbeza, kuti aziyang'ana maso a woponya mpira: ukamayenda pansi alowe agwetse munthu, ukapita m'mwamba abwerere, ndipo ine ndikatsokomola onse amuthamangire woponyayo asanameze malovu. M'mbali ndinaika mahwindi awiri, oitanira anthu m'makombi, kuti amamatire othamanga awo, pakuti hwindi akakusankha suthawa. Kumapeto kwenikweni, mlonda womaliza, ndinaima ineyo.

Mukumva? Woyamba kundifika ndinamugunda ndi phewa ili, anakatera ku Christmas Pass nsapato zake zitatsala pano zikuthamangabe zokha, ndipo Tawanda atakwiya anaponya mpira m'mwamba mpaka unabowola mtambo wa ku Vumba, mvula n'kuyamba kugwa m'chilimwe, ine n'kukwera pa madontho ake limodzilimodzi n'kukauwakha usanaganize zotsika, ndipo pofika pansi ndinapeza ndevu zandimera, anzanga akundipatsa moni ngati mlendo. Ndikulumbira, pali Mulungu kumwambaku!

Dzuwa litapendeka anyamata a Tawanda anaunjikananso mitu, koma ulendo uno kunong'onezana kunatalika, ndipo ndinaona mlamu wanga Fanuwelo, mwana wamwamuna yekhayo wa mayi Nangondo, amene ndinamukana m'timu chifukwa maso ake sakhazikika malo amodzi, akuchoka kumbali yawo akupukuta pakamwa. Mtima unandiuza kuti tagulitsidwa. Atamwazikana, mpira sunali ndi Tawanda, sunali ndi wothamanga aliyense. Unali kumsana kwa apongozi athu, ataubereka m'chitenje ngati khanda, akubwera pang'onopang'ono ndi ndodo yawo.

Mayo ine! Inu obadwira kunonu simudziwa: mkamwini sakumana ndi apongozi aakazi panjira, sawayang'ana kumaso, nanji kuwagwira m'chiuno n'kuwagwetsa pansi. Zimphona zanga zinapatuka n'kugwada zitayang'ana kumbali, a pakati anakabisala m'mapesi, mahwindi anavula zipewa n'kuyamba kuomba m'manja, mayi aja n'kudutsa pakati pa onsewo akungoti, "Zikomo bambo, zikomo bambo." Ndinatsala ndekha. Kuwagwira, banja langa latha tsiku lomwelo; kuwaleka, ana anga ndi a ku Imbeza onse adya chiyani? Ndinachita mantha, abale.

Ndiye ndinawafulatira, poti kuwayang'ana sikukanatheka, ndinawerama, ndinagwira mzere wa laimu uja ndi manja awiriwa, ndinauzula, ndinauika paphewa n'kuliyatsa liwiro cha kum'mawa, ndipo poti mzerewo unali utagwirana ndi dothi, dambo lonse linasolokoka pansi pa mapazi a anthu ngati mphasa n'kunditsata, mapesi, chulu, chitsime ndi achule ake omwe, apongozi ali pambuyo go, go, go ndi ndodo, osatopa, ine ndikukwera phiri munda ukukwera nane, ndikutsika ukutsika nane, mpaka dzuwa linandilowera ku Machipanda, mkati mwa Mozambiki, mpira usanakhudze mzere. Tinapambana! Mukumva? Tinapambana, ndipo apongozi sindinawakhudze ngakhale chala.

Kungoti pobwerera, a pachipata cha m'malire anati ine ndidutse, apongozi adutse, mpira udutse, koma munda ulibe mapepala. Ndinauyala bwinobwino tsidya lomwelo, ndinaupsinja ndi miyala m'makona, n'kubwera wapansi.

Lero mukapita kuseri kwa njanji mupeza nyumba za eni ake zamalata owala, ndipo olankhulalankhula adzakuuzani kuti dambo lija analigawana akuluakulu ena, ife tikungoyang'ana ndi makasu m'manja. Iwe wa jeketewe, ndaona pakamwa pako pakufuna kunena zomwezo, tseka. Ine Zuze Mbewe palibe anandilandapo munda. Uli ku Machipanda, ndinakausiya ndekha, ndipo chaka chino ndamva kuti chimanga chake chabereka kuposa kale.