Sefa ya Zubeda ndi Apongozi Anga

Mpaka lero ndikaona sefa itapachikidwa pakhoma, ndimailambalala patali. Anzanga amaseka, amati munthu wamkulu ndi imvi zake kuopa chiwiya cha kukhitchini. Aziseka. Iwo sanaimepo pakati pa mudzi, dzuwa lili paliwombo, akufunsa nkhokwe mafunso.

Nthawi imeneyo Chitaganya chinali chitangoyamba kumene, ine ndili khukhi kwa mmwenye wina wa sitolo pa Mtakataka. Anali ndi kamwana kakakazi, dzina lake Zubeda. Mwanayo anali atatheratu: mimba tuu, timiyendo ngati bango, kutsegula m'mimba kosalekeza. Akatsitsa dzanja, chibangili chinkavuka chokha n'kugwa pansi. Anazungulira naye m'zipatala mpaka dokotala wina ku Blantyre anapeza kuti thupi lake limadana ndi tirigu. Nthendayo ine ndinkaitchula kuti siliyaki, kaya ndinkakhoza kaya. Tangoganizani, nyumba ya chapati m'mawa, chapati madzulo, mwana n'kumakana tirigu! Atamuletsa anayamba kuchira, koma phala la mgaiwa ndi mpunga zinamukola, ankangofunya milomo.

M'sitolomo munali zitini za otsi, timbewu tophwatalala tija azungu amaphikira phala. Adona, mayi ake a Zubeda, anakafunsa asisitere a kuchipatala ku Mua ngati mwanayo angamadye. Asisitere sanabise.

"Ana ena otere otsi amawayanja, ena amawapweteka ngati tirigu yemwe. Muyeseni pang'onopang'ono. Koma akhale ndi mphika wake, mthiko wake, sefa yake, zisakhudzane ndi ufa wa chapati ngakhale kafumbi. Akadwala tidziwe kuti wolakwa ndi otsi, timuletse."

Ndinkasinja otsiyo m'kamtondo kake, n'kusefa kuti timakoko tichoke. Abale, mwana uja anadya! "Khukhi, onjezera," ankatero akugogoda mbale ndi supuni. Adona ankaima pakhomo, maso ali ndi misozi.

Tsono Loweruka lina waya wa sefa ija unazuka mbali imodzi. Adona anali atanena kale kuti sefayo isachoke pamsomali pake. Ine, ndi nzeru zanga zoposa za aliyense, ndinaibisa m'malaya. Ndinati ndikaikhomerere kunyumba, Lolemba adona adzaone kuti ali ndi khukhi wamanja.

Ndinkakhala chikamwini kwao kwa mkazi wanga Felesiya, ndipo apongozi anga aNangozo tinkaopana monga mwa mwambo. (Inu ana a masiku ano mumadyera mbale imodzi ndi apongozi, simungamve.) Tikakumana panjira, iwo ankadziphimba kumaso n'kulowa kutchire kumanzere, ine kumanja, minga kapena ayi. Zonse zinkadzera mwa Felesiya. Koma Felesiyayo anali ku Mua kuchidikiro, ali pafupi kuchira.

Lamulungu pobwera ku tchalitchi ndinapeza sefa palibe pakhonde pomwe ndinaisiya. Kuponya maso uku, si iyo yatsamira khomo la khitchini ya apongozi, ili mbuu ndi ufa! Ufa wanji? M'nyumba imene ija munali ufa wa chimanga, ufa wa chinangwa, ndi tirigu wa mandasi omwe ankagulitsa kusiteshoni. Iwiri inali yosapweteka Zubeda, wachitatuwo unali poizoni.

Ndinalowa m'nyumba, ndinatuluka. Ndinakhala pampando, ndinanyamuka. Ndinazungulira khola la mbuzi mpaka mbuzi zinayamba kundiyang'ana. Pakhomo panga ndinapeza kambale kovindikira, monga ankachitira apongozi chichokereni Felesiya, muli mandasi otentha. Ndinadya chiimire, maganizo onse ali pa funso lija loti ufa wanji. (Ndikudziwa zomwe mukuganiza. Musandifunse.)

Kenako ndinalimba mtima. Apongozi ankapeta mphale kuseri kwa mpanda. Ndinakaima pafupi, n'kuwapatsa msana, n'kuyang'ana nkhokwe.

"Nkhokwe iwe," ndinatero mokweza, "kodi sefa ija yagwira ufa wanji lero?"

Lichero linaima. Kenako ndinamva: "Nkhuku iwe, choka apa! Anthu ena akakwatira pamudzi amayamba kuwerenga ndi ziwiya zomwe."

"Nkhokwe, si kuwerenga ayi. Kungoti sefayo ndi ya eni ake."

"Nkhuku, kodi yachepa? Yabooka? Ufa ndi ufa. Akatenge sefa yawo yagolideyo."

Apo n'kuti amayi obwera kuchitsime atatula mitsuko, ena atagwira nthiti. Wina anakuwa kuti, "Akamwini, nkhokweyo yati chiyani?" Manyazi anandigwira. Za mwana wodwala sindinatchule n'komwe. Ndinangotola sefa n'kuthawira kumtsinje.

Kumeneko ndinainyambita. Ufa ukangokhala kafumbi sumveka kukoma, ndinangomva dzimbiri. Ndinaiviika m'madzi, n'kuikwecha ndi mchenga. M'makona munatsalira timaphala tomata tokana kuchoka. Mtima unati, uyu ndi tirigu. Ine ndinauyankha kuti, iwe khala chete, chinangwanso chimamata. Ndinaiyanika pamwala, n'kuikhomerera waya uja, ndipo Lolemba inali pamsomali pake ngati sinayendepo.

Ndinasefera otsi. Inde, ndinasefera.

Sabata isanathe Zubeda anali pamphasa, atagwira pamimba, nthenda ija yabwerera ndi ukali wake. Adona anakwera pampando n'kuika chitini cha otsi pamwamba penipeni pa kabati. "Basi, otsi ayi," anatero. Mwana uja anandiyang'ana ndi maso olowa, n'kunena motsitsa, "Khukhi, phala langa."

Tsiku limenelo ndinapsereza nyemba, ndinathira mchere mu tiyi wa bwana, ndinadzicheka chala. Ndinkangoyang'ana chitini chija. Otsi akumangidwa pa mlandu womwe mwina si wake, mwana akumanidwa chakudya chokhacho chomwe ankachikonda, wopalamula ali pompano atavala epuloni. Ndikaulula, ntchito yatha, mkazi ali kuchidikiro. Ndikapanda kuulula, chitini sichidzatsikanso. Chibangili chija chitagwa pansi n'kugubuduka mpaka pamapazi anga, ndinalephera kupirira. Ndinagwada n'kunena zonse.

Ndinkadikira kukalipiridwa, koma adona anangofunda mpango wawo. "Ufa wanji?" anafunsa.

"Sindikudziwa, adona."

"Iwe sanafunse?"

"Ndinafunsa nkhokwe, adona."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Tiyeni," anatero.

Tinayenda masana dzuwa likuswa mtengo, adona patsogolo, ine pambuyo ngati mbuzi yopita kumsika. Mudzi wonse unatuluka. Apongozi anali pamkeka, ndipo atandiona anakokera nsalu kumaso. Ine ndinatembenuka msanga kufuna nkhokwe yanga ija. Adona, omwe chinyanja chawo chinali cha pasitolo ndipo za miyambo yathu analibe nazo ntchito, anandigwira mapewa n'kundizunguza ngati chitseko.

"Iwe funsa. Kumaso!"

Ndinafunsa, maso ali pa zala zanga za kumapazi. Yankho linatuluka m'kati mwa nsalu.

"Tirigu. Nanga mandasi munadya aja ndinaphika ndi mchenga?"

Anthu anagwa nacho chiseko. Koma adona sanaseke. Anafotokoza m'chinyanja chawo chothyokathyoka za Zubeda, za mimba, za chibangili chosakhala padzanja. Chiseko chija chinazima. Ndinangoona nsalu ikutsika, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirireni ndinaona nkhope ya apongozi anga. Sindinkadziwa kuti ali ndi mphini m'masaya.

"Apongozi," anatero aNangozo akundiyang'ana m'maso mwenimweni, "mwana wa eni moyo wake uli pa sefa, inu n'kumacheza ndi nkhokwe? Mukanangoti mwana, liwu limodzi lokhalo, ndikanatuluka ndekha kuseri kuja. Manyazi anuwo akanamuika m'manda ndani?"

Atatero anadzuka, anagwira nkhuku (yomwe ija, mkhalapakati wathu), n'kuipereka kwa adona kuti akamuphikire mwana msuzi.

Zubeda atapezako bwino, chitini chinatsika, sefa inagulidwa yatsopano, anamuyesanso. Otsi anamuyanja. Asisitere anati tisanyade, tizimupatsa pang'ono n'kumamuyang'anira, poti ana ena otsi yemweyo amawagwetsa. Pofika nyengo yokolola thonje, chibangili chinkafuna sopo kuti chivuke. Ntchito sinathe, koma adona anamangirira sefa kumsomali ndi unyolo wa njinga, ndipo alendo onse ankauzidwa chifukwa chake ine ndili pomwepo ndikuthira tiyi.

Kumudzi nako zinthu zinasintha. Aja ndinkadandaula kuti sindingathe kulankhula nawo, nsalu itangotsika tsiku lija sinakwerenso. M'mawa uliwonse aNangozo ankandipeza pakhonde: denga likudontha, mwana mwamunyamula molakwika, munthu wanji wodya mandasi osadziwa kuti ndi tirigu. Anandilankhula mpaka tsiku lomwe tinawaika. Ndinawalira kwambiri, sindinama. Koma nthawi zina, akafika pakati pa nkhani, ndinkaponya maso pa nkhokwe ija n'kuisirira.