Ndime Yachitatu ya Don Telo

Ku Caleta Boldo kuno, ukatsika basi n'kukumana ndi mkulu wamfupi wa chipewa chaubweya akukuimbira chuni pamphuno asanakupatse ndi moni womwe, dziwa kuti wakumana ndi Don Telo. Pepani, ndikuyankhula ngati alipo, pakamwa panazolowera. Tinawaika chaka chatha. Dzina lawo lenileni linali Eleuterio Oyarzo, ntchito yawo yosoka nsapato, koma chomwe chinawathera moyo wonse ndi nyimbo imodzi yomwe ankaidziwa theka.

Nyimboyo inali ya Teniente Almarza, sitima ya asilikali apamadzi yomwe inasweka pamiyala ya kuseri kwa doko lathu chaka cha namondwe wamkulu. Anthu anapita ambiri, ndipo mitembo yambiri nyanja inakana nayo. Mwa osowawo munali wophika wa m'sitimamo, bambo awo a Don Telo. Monga timachitira kuno nyanja ikakana kubweza munthu, mayi awo anasita thalauza ndi jekete la amuna awo, n'kuziika m'kabokosi, n'kukazikwirira pamtunda paja pali manda a zovala. Don Telo anakula akupalira manda a thalauza.

Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, pa ukwati wina, woimba gitala anayamba nyimboyo. Ndime yoyamba inali ya namondwe, yachiwiri ya miyala, yachitatu inayamba kuti, "Ndipo Oyarzo ana..." Pomwepo mayi awo anawagwira khutu n'kuwakokera panja. Chomwe anatola ali pakhomo ndi kamchira chabe ka liwulo, "...ira." Mayiwo anati nyimboyo ndi yowawa, ndipo anafa osaitchulanso.

"Anamira, palibenso china," ankatero Don Telo. "Koma anamira bwanji? Atagwira chiyani? Ananena mawu anji? Ndikufuna ndilembetse pamtanda pawo ndisanafe."

Ine ndine Herminda, ndaphika msuzi wa nsomba padoko pano zaka makumi atatu, ndipo sindikubisirani: ndime yachitatuyo tonse achikulirefe tinkaidziwa. Poyamba tinkabisa polemekeza mayi awo. Mayiwo atapita, tinkabisa chifukwa zinkakoma.

Mlendo aliyense ankalawa. Wogula nsomba, wowerenga mita ya magetsi, ngakhale wansembe watsopano sanapulumuke. Ameneyu anamupezerera pa kulapa.

"Mwana wanga, walakwa chiyani?"

"Bambo, tisanafike kumeneko, chuni ichi munachimvapo?"

Wansembe anamva nyimbo ndime ziwiri zathunthu, tchimo osalimva ndi limodzi lomwe.

Koma mwini masewera anali Nibaldo wosoka maukonde, munthu wa lilime ngati mbedza. Don Telo akangolowa kwa ine kudzamwa msuzi, iye ankagwira chipumi.

"Achimwene, khalani chete, ikubwera! Ayi, yabwerera. Kukhosi kwaumaku mawu akukanirira."

Don Telo ankaitanitsa vinyo. Nibaldo ankameza, n'kutseka maso, n'kukweza mawu ngati mbuzi yomangidwa:

"Ndipo Oyarzo anamira
atakumbatira mphika wa nyemba,
nsomba zinatupa mimba sabata yonse,
nyanja n'kuchita thovu mpaka kumtunda!"

Amuna ankamenya matebulo, wina mpaka msuzi kutulukira m'mphuno. Don Telo osaseka ayi. Ankanyambita pensulo, n'kulemba zonse m'kope lawo, kenako n'kuziyesa pamphuno mosamala.

"Nibaldo, mawu achuluka. Sakukwana m'chuni."

"Ndi vinyo wachepa, achimwene, osati mawu."

Makope anadzaza asanu ndi awiri. M'menemo bambo awo anamira atanyamula mbendera, anamira akufuna chipewa, anamira akukangana ndi nkhanu. Ndime iliyonse ankakaiimbira thalauza lija Lamlungu, kuti mwina mtima uwauza ngati ndi yomweyo.

Chaka china Nibaldo anawauza kuti pachilumba pali gogo wina woidziwa nyimbo yonse. Muyenera kudziwa kuti Don Telo, mwana wa munthu wapamadzi, nyanja ankaiopa kuposa moto. Ngakhale m'bafa sankadzaza madzi. Koma anakwera boti, atavala suti, atanyamula botolo la uchi la mphatso. Anasanza popita, anasanza pobwera, anatsika nkhope ili biriwiri ngati ndere. Tonse tinali padoko kudikira.

"Mwawapeza?"

"Ndawapeza."

"Ati bwanji?"

"Anamwalira zaka zisanu ndi zinayi zapitazo."

"Aaa, nanunso kuchedwa!" anatero Nibaldo, yemwe ananyamula nawo bokosi la maliro a gogoyo. Uchi uja anawalanda kuti ndi wothandiza kukhosi.

Chaka chilichonse Don Telo ankalembera kalata wayilesi ina ya mumzinda, kupempha aliyense woidziwa nyimboyo. Ife tinkati akungotaya masitampa. Ndiye chaka chokumbukira kuti patha zaka makumi asanu ndi limodzi chimirireni sitimayo, basi inabweretsa kaphukusi. Mayi wina wa kutali, atamva pempholo pawayilesi, anapeza kaseti m'katundu wa malemu bambo ake, omwe ankaimba m'misika. Pamwamba panalembedwa dzina la sitima ija. Don Telo anayenda nayo doko lonse ataikweza m'mwamba ngati mkate wa pa Misa.

Vuto linali loimbira. Wayilesi ya kaseti yogwira ntchito inatsala imodzi yokha, ya bungwe la asodzi, ndipo wosunga makiyi anali Nibaldo.

"Achimwene, chiwayilesi chimenechi chimatafuna makaseti. Mwina chiimba kamodzi kokha. Mukufuna kamodziko mumve nokha ngati mbava, kapena pamwambo wokumbukira sitimayo, pa chinkuzamawu, akuluakulu a asilikali ali pomwepo, dziko lonse limve za bambo anu?"

Don Telo maso anadzaza misozi. Anamugwira Nibaldo dzanja n'kumuthokoza.

Dzulo lake la mwambowo, masana, anabwera kwa ine. Munalibe wina aliyense.

"Doña Herminda, mawa musaphike. Mubwere mudzamve."

Mawu anali pamlomo, Mulungu ndi mboni. Kunali kungonena kuti, Don Telo, kasetiyo kamvereni kwanu. M'malo mwake ndinawawonjezera mbatata m'mbale. Ndinkafuna kuona nkhope yawo, chilungamo chake n'chimenecho.

M'mawa mwake kunali kamvula kowaza. Pamanda a zovala panadzaza anthu. Wansembe anapemphera, mkulu wa asilikali wa magolovesi oyera anaika nkhata yamaluwa, lipenga linalira. Don Telo anaima pambali pa mtanda wa bambo awo, nsapato zikuwala, kope latsopano m'manja. Nibaldo anadina batani.

Ndime yoyamba, namondwe. Amayi ena anayamba kusisima. Yachiwiri, miyala. Don Telo ankaimba nawo. Kenako mawu a nkhalamba ya m'kasetimo anakwera, gitala n'kuchangamuka:

"Ndipo Oyarzo anasambira,
natulukira kuseri kwa phiri,
kwa Rosaura wa milomo yofiira.
Kuno tikulira thalauza lake,
uko mwini wake wavula lina!"

Kalanga ine, phwete lomwe linaphulika pamenepo! Zaka makumi asanu ndi limodzi tikuumiriza chiseko chimenechi m'mimba. Nibaldo anagwera pamtanda wa munthu wina n'kuupendeketsa. Amayi omwe ankasisima aja anabisa nkhope m'mipango, mapewa akugwedezeka. Mkulu wa asilikali anangoyang'ana magolovesi ake. Ine ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, sindinama.

Don Telo sanasunthe. Madzi ankadontha kuchokera kuchipewa chomwe anagwira m'manja.

"Bwezani."

"Achimwene, paja ndinati chimatafuna..."

"Ndati bwezani."

Wayilesi sinatafune kanthu. Kachiwiri anaseka ochepa. Kachitatu kunkangomveka mbalame za padoko. Don Telo ananyambita pensulo, nalemba mizere yonse isanu, naiyesa pamphuno pang'onopang'ono, tonse tikumva.

"Iyi ikukwana," anatero. "Iyi ikukwana m'chuni."

Anatseka kope n'kutsika phiri okha.

Sabata yonse sanaoneke. Kenako tsiku lina masana analowa, nakhala pamalo pawo. Amuna onse anaweramira m'mbale. Ndinawapatsa msuzi osaitanitsa.

"Doña Herminda, inunso munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Kuyambira liti?"

"Ndili mtsikana."

Anatakasa msuzi osamwa.

"Anakhala moyo mpaka liti?"

"Tinamva kuti anamwalirira ku Argentina, kuseri kwa mapiriku, atakalamba. Anasiya ana asanu ndi mmodzi."

"Ine ndili ndi zaka zingati pamenepo?"

Ndinawerenga m'mutu, ndipo ndinalakalaka ndikanakhala wosadziwa kuwerenga.

"Makumi anayi ndi zisanu."

"Basi ya kumeneko imayenda tsiku limodzi lokha," anatero motsitsa mawu. "Sidutsa ndi pamadzi pomwe. Ndikanapita. Sindikanawakalipira ayi. Ndikanangowaona kuti amaoneka bwanji."

Nibaldo anayesa kutsokomola kuti anene kanthu. Don Telo anamuyang'ana, osati mokwiya, ndipo mwini lilime lija anaweramiranso m'mbale yake. Msuzi Don Telo anausiya wosakhudza. Potuluka anavula chipewa kutsanzika, monga ankachitira masiku onse.

Sanaimbenso. Ankakhala m'kashopu kawo kukhoma zidendene, mlendo akadutsa ankangomupatsa moni ngati munthu wina aliyense. Nyengo yozizira itafika chifuwa chinawagwira, ndipo sanalimbane nacho. Kumaliro tinapita tonse, tinavala zakuda, tinanena kuti anali munthu wabwino, pakuti zimenezo timazitha.

Masiku ano basi ikafika alendo amatsika, amagula nsomba, amapita, palibe wowaimitsa. Kwa ine amuna amadya mwachangu ngati ali kuchipatala. Akayesa kuseka amasekana okhaokha, ndipo zimathera m'ndewu, chifukwa palibe mmodzi wa iwo wodziwa kupirira chipongwe n'kuthokozanso. Nibaldo amakhala pakona, vinyo amadzigulira yekha, ndipo sakumukomera. Ine ndimawasowa Don Telo, ndipo ndimachita manyazi kuwasowa, poti sindidziwa ngati ndikusowa munthuyo kapena masewera aja. Nthawi zina ndikamapala mamba ndimangozindikira chuni chija chili pamphuno panga. Ndikafika pa ndime yachitatu ndimayang'ana kukhomo, pakamwa pali pokonzeka kunena zonse. Pakhomopo sipaima munthu wofunsa.